Amene Tiya Anafanana Naye

Maganizo ochoka anandifikira ndili pa mzere wa sikelo, dengu la tiyi lili kumsana. Kapitawo anakuwa kuti, "Senderani kuno, inu mayi a mzungu!" Mzere wonse unafa nacho chiseko, ndi amayi omwe ndinkaimba nawo kwaya Lamulungu. Ndinayezetsa masamba anga, ndinapita kukanyamula mwana wanga Tiyamike pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa munda pamene ndinkamugoneka pamthunzi, ndipo mumtima ndinati, Elube, chaka chino chisathe uli ku Thyolo. Munali mu 1999, Tiya ali ndi zaka zitatu.

Tiya anabadwa ndi khungu loyera, tsitsi ngati ndevu za chimanga, timaso tosakhazikika. Masiku ano timati mwalubino. Nthawi imeneyo ankangoti napweri, ena mzungudala, ndipo amayi apakati akakumana naye ankalavulira m'bulauzi mwawo kuti zisawagwere.

Mwamuna wanga, a Wayisoni, ankayendetsa thirakitala pa esiteti. Kwawo ndi ku Khonjeni, koma anabwera kudzakhala kwathu, mbali ya kwa Khwethemule, monga mwa mwambo. Tsiku lobereka linandivuta. Matenda atatalika, azamba ndi apongozi anga anayamba zija amachita akuluakulu, zoti mwana akakana kutuluka ndiye kuti pali amene anayenda njira zachilendo. "Tchula, mwana iwe! Tchula amuna ako onse, mwanayu apeze njira!" Ndikanatchula ndani? Mwamuna ndinkadziwa mmodzi yekhayo. Mwana anatuluka, woyera mbee. Kenako apongozi anati, "Ehe, dzina lija amakana kutchula, si ili latuluka lokha."

Tsoka langa linali loti chaka chimenecho ndinagwirapo ganyu yochapa kunyumba ya bwana wachizungu wa pa esiteti. Bwanayo sankadziwa n'komwe dzina langa, koma nkhani inakhala yomweyo, yoti mwana ndi wake. Ankhoswe atakumana, ine kumbali yanga kunalibe munthu. Ndinabadwa ndekha, wopanda mlongo, bambo anamwalira kale, ndipo amene anandiimira anali wachibale wapatali wongofuna nkhani ithe akamwe kachasu. A Wayisoni anaimirira, manja kumbuyo ngati mlaliki, nanena kuti, "Kwathu zoterezi kulibe. Chiyambire makolo, kulibe." Ndinatembenukira amayi anga kuti anenepo kanthu. Iwo ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. Banja linathera pamenepo, ndipo dzina loti hule linandikakamira ngati chisoso pa chitenje.

Nditawauza amayi kuti ndikupita ku Joni, sanandiletse. Anangoti, "Mwanayu umusiye. Ndimusamala ine." Ndinasangalala kuti akhala naye kunyumba, chifukwa za pa mkuyu paja tinkakangana nazo tsiku ndi tsiku. Ankati, "Usamamugoneke pamenepo mwanayo." Ndikafunsa chifukwa, ankati pali nyerere. Nyerere zake ziti, poti ine sindinazionepo?

Ndinakwera basi ya ku Joni ndi kachikwama kamodzi, kudzera ku Mwanza. Ntchito ya m'nyumba ndinaipeza kudzera mwa mayi wina wa ku Mulanje. Abwana anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, kozizira koposa chiperoni cha kwathu, ndipo amene ndinkacheza naye kwambiri anali galu wa abwana. Musaseke, galuyo Chichewa anachimva. Lamulungu ndinkakhala pa bedi kuyang'ana chithunzi cha Tiya mpaka maso kuwawa. Ndalama zinkabwera, zochepa koma zoposa za dengu, ndipo zambiri zinkathera zipewa zazikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ndinkapatsira anyamata onyamula katundu pa basi. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira, kaya kwa azibwenzi awo.

Tiya atayamba sukulu, amayi ankapita naye ku Luchenza, kumalo oimbira foni, kuti ndimumve mawu. Tsiku lina, titatha za mayeso ndi za nsapato, mwana uja anatsitsa mawu. "Amayi, ine ndinafanana ndi ndani? Anzanga akuti bambo anga ndi mzungu." Ndinati bambo ako ndi a Wayisoni, usamve za anthu. Iye anati, "Nanga bwanji akandiona pa msika amayang'ana kumbali?" Foni inaduka pomwepo. Tsiku limenelo ndinapsereza malaya a abwana ndi simbi.

Adona amene ndinkawagwirira anali dokotala, ankaphunzitsanso ana a sukulu ya udokotala. Atandipeza ndikulira pa malaya opsawo, anaona chithunzi chija, ndipo ndinawafotokozera zonse m'Chingerezi changa cha pa esiteti. Anandikhazika pa tebulo la kukhitchini, pamene ndinali ndisanakhalepo, natenga pensulo.

Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli ulusi wautali wopotana pawiri, dzina lake DNA, ndipo pa ulusiwo panalembedwa malangizo onse a thupi ndi zilembo zinayi zokha, zongosinthanasinthana malo. Chigawo chimodzi cha malangizowo amati jini. Ulusiwo uli ndi kachipinda kake pakati pa selo, ndipo sutulukamo. Selo ikafuna kupanga kanthu, imakopera jini imodzi pa kaulusi kena kakafupi, kameneko n'kupita nako kumene amapangira mapuloteni. Kumeneko amawerenga zilembo zitatuzitatu, n'kumalumikiza tizidutswa ngati mikanda mpaka puloteni yatha. Mapuloteniwo ndiwo antchito a m'thupi, ndipo ina mwa iwo ntchito yake ndi kupanga utoto wakuda wa khungu, tsitsi ndi maso.

Ndinati, "Adona, zimenezo ndiye za pa esiteti. Buku lalikulu limakhala mu ofesi, kalaliki amakopera kapepala, kapitawo n'kupita nako kumunda." Anaseka, nati ndi momwemo. Ndiye kalekale, mwa kholo lina, chilembo chimodzi chinakopedwa molakwika, ndipo cholakwikacho chinayamba kuyenda m'mibadwo. Wantchito wopangidwa ndi malangizo olakwikawo sagwira ntchito, utoto supangidwa. Koma munthu aliyense ali ndi makope awiri a jini, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Limodzi likakhala labwino, munthu amabadwa wakuda bii ngati ine, osadziwa chimene wasenza. Mwana amabadwa woyera pokhapokha walandira kope lolakwika kwa mayi, lolakwikanso kwa bambo.

"Mbali zonse ziwiri, Elube," anatero adona, akugogoda tebulo. "Ndiponso mwana wa mzungu ndi munthu wakuda sabadwa chonchi. Ameneyu ndi wa mwamuna wako."

Abale inu, tsiku limenelo ndinavina ndekha m'kachipinda kaja mpaka galu anauwa. Mkwiyo umene ndinali nawo unasanduka chisoni. Ndinkati, ogo, anthu akwathu, si nkhanza ayi, ndi kusadziwa. Apongozi sadziwa, a Wayisoni sadziwa, amayi anga osauka aja anasowa chonena chifukwa nawonso sadziwa. Ndikangopita n'kukawafotokozera, dzina langa liyera, ndipo Tiya akhala ndi bambo womupatsa moni pa msika. Za ukwati sindinkazifunanso, ndinkafuna zokhazo. Ndinaloweza zonse ngati katekisimu, ndinkazibwereza ndikukolopa.

Ndinabwerera mu 2006. Minda ya tiyi inali chimodzimodzi, yobiriwira mpaka kumapiri, anthu ali zyolizyoli ndi madengu awo. Tiya ndinamupeza wamtali, wa zaka khumi, chipewa kumutu, khungu losalala lopanda chilonda ngakhale chimodzi. Anthu anandiuza kuti amayi sankamulola kupita kudimba dzuwa likakwera, ankamuperekeza kusukulu ndi ambulera, ndipo mnyamata wina atamugenda anamuthamangitsa mpaka kwa makolo ake. Ndinagwada n'kuwathokoza. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

A Wayisoni ndinakawapeza ku Luchenza. Thirakitala anaisiya, anali ndi kashedi kokonzera njinga za kabaza, mkazi wina ndi ana atatu. Ndinakhala pa benchi n'kuyamba ulaliki wanga: ulusi, zilembo, makope awiri. Iwo ankangomata chubu. Nditafika pa mbali zonse ziwiri, anaika chubu pansi n'kupumira m'mwamba.

"Mayi a Tiya, mpaka ku Joni kukaphunzira zimenezo? Mng'ono wawo wa amayi anali wotero. Ankakhala kuseri kwa nyumba ku Khonjeni, ine ndinkawapititsira phala. Anamwalira ndi zilonda ndili mnyamata."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye pa ankhoswe paja, poti kwanu kulibe?"

"Amayi anati zikadziwika kuti zabweranso, alongo anga sakwatiwa. Inuyo munali kale ndi nkhani ya kwa bwana ija, ndiye zinangokwanirana." Anatenganso chubu chija. "Zinapita zimenezo. Musazidzutse, ndili ndi banja."

"Nanga mwana wanu?"

"Ndikudziwa kuti ndi wanga. Ndinadziwa tsiku lomwelo."

Mawu amene ndinawayankha sindingawalembe pano, ndine mayi wa mvano. Anyamata a kabaza anachita kundigwira. Ndinasiya minibasi, ndinayenda wapansi, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Zaka zonsezi ine kumvera chisoni anthu oti akudziwa! Ndinatsukira azungu zimbudzi, mwana wanga anakula akumva mawu anga pa foni, chifukwa choti alongo ake a munthu akwatiwe.

Ndinapeza amayi pakhonde akusenda chinangwa. Ndinawakhuthulira zonse. Ndinati mawa tiitanitse ankhoswe, a Wayisoni akanene pagulu zimene andiuza. Ndinawafotokozeranso za makope awiri, ndipo pofuna kuwaseketsa ndinati, "Ndiye kuti nafenso tili nacho, amayi. Kaya chinachokera kwa agogo ake a ndani, poti kwathu kuno sichinaonekepo."

Mpeni unaima. Amayi sanadzutse mutu. Anayang'ana zala za kumapazi kwawo, ndendende ngati tsiku la ankhoswe lija.

"Amayi?"

"Iwe sunali woyamba," anatero. "Woyamba anali wamwamuna."

Za mtayo ndinkazidziwa. Mwana akabadwa wakufa salira maliro, amakamuika amayi okhaokha, amuna osapitako, ndipo satchulidwanso. Ndinkadziwa kuti amayi anapitapo padera ndisanabadwe. Ndinati, "Uja anabadwa wakufa uja?"

"Analira. Ndinamumva ine, analira bwinobwino. Anali ngati Tiya. Azamba ndi amayi anga anatuluka naye, pobwera anati wabwerera, ukauze mwamuna wako kuti unali mtayo. Ndinali mwana, Elube. Ndinauza bambo ako momwemo."

Ndinakhala pansi, pa makoko a chinangwa pomwepo. Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha. "Tsiku lija ankanditcha hule pamaso panu, bwanji simunanene kuti kwathu ziliko? Mawu amodzi okha, amayi."

"Ndikananena, akanandifunsa kuti nanga mwanayo ali kuti."

Ndiye anasankha. Pakati pa dzina lawo ndi langa, anasunga lawo. Ndikudziwa kuti Tiya ali moyo chifukwa tsiku lobadwa amayi anamulanda m'manja mwa azamba osamusiyanso, izi anandiuza okha, ndipo ndikukhulupirira. Ndikudziwa za ambulera ija. Koma musandiuze kuti ndikhululuke msanga. Mlongo wangayo akanakhala moyo, ndiye akanakhala mwini mbumba, ndiye akanaimirira pa ankhoswe, ndi khungu lakelo, ndipo palibe akanatsegula pakamwa za mzungu. Anandilanda mlongo ndisanabadwe, kenako anandisiya ndekha pa mlandu umene iye akanauthetsa pongokhala pansi.

Ankhoswe sindinawaitanitse, poti akanamva za mbali zonse ziwiri akanafunsanso za kwathu. Ndikanayeretsa dzina langa, koma polipira ndi mayi wokalamba amene mwana wanga amagona naye mphasa imodzi. Mpaka lero alipo ena kwathu amene amanditcha mayi a mzungu, ndipo ena mwa iwo, akuluakulu aja, anaperekeza nawo mtayo umenewo.

Ndinangowauza amayi kuti akandionetse malo. Tinapita m'mawa, anthu ali kale m'mizere ya tiyi. Tiya anatitsatira, sitinathe kumubweza. Amayi anatsogola, kudutsa pa sikelo, kutsetsereka kumunda kumene ndinkathyola kale. Kumeneko kunali tchire nthawi imeneyo, anatero, tiyi anadzala pambuyo pake. Anakaima pansi pa mkuyu uja, pamthunzi pomwe ndinkayala chitenje n'kugoneka mwana wanga. Sanaloze. Anangoima.

Tiya anavula chipewa poti panali pamthunzi, natiyang'ana tonse awiri ndi timaso take tija. "Kodi pano pali chiyani?"

Amayi anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti atchula nyerere. Ndinawatsogolera.

"Unandifunsa pa foni kuti unafanana ndi ndani," ndinatero. "Gwada, upereke moni. Pano pagona amalume ako."