Makinawo sakulira

Mwaswera bwanji nonse.

Makiyibodi awiri a kompyuta amene achimwene a Fulanki atumiza kuchokera ku Joni afika lero ku ofesi kwanga pa Boma, komwe ndimalembera anthu makalata. Akuti ndisankhe imodzi, inayo ipite kwa m'bale wathu Memory ku Namadzi mawa.

Kusiyana kwake kuli pansi pa mabatani. Ina ili ndi timasuwitchi tofiira, ndi yofewa, zala sizikuwawa, ndipo siyikumveka n'komwe. Inayo ili ndi tabuluu, ikungoti tcheketcheke ngati taipi yakale, mpaka mayi wa fotokope pafupi nane wandiyang'ana kawiri.

Ine ndinali nditasankha kale yofiira. Kenako kwabwera abambo ena a ku Mpama, osadziwa kuwerenga, kuti ndiwalembere kalata ya malire a munda. Ali mkati mofotokoza, angosiyira panjira n'kundifunsa:

"Mwananga, ndikuyankhula ndekha apa? Makinawo sakulira."

Ndawaonetsa pa sikirini, iwo akuti zimenezo ndi za inu ophunzira. Nditalumikiza yabuluu ija, ayambiranso nkhani yonse, atuluka akumwetulira.

Ndiye mutu wanga waima. Zala ndi zanga, koma makutu ndi a makasitomala. Memory ndimupatse iti?