Zigubu zinayi za aphunzitsi a masamu

Chigubu chija chinali chachikasu, chakale cha mafuta ophikira, ndipo chotsekera chake chinali chitsononkho. Chinali cha aphunzitsi athu a masamu, koma mutu umene unkachisenza unali wanga.

Ndinali m'kalasi yachisanu ndi chinayi ku Chifunde, m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Aphunzitsiwo, munthu wobwera, anandilamula kuti m'mawa uliwonse ndiziwatungira zigubu zinayi ndisanalowe m'kalasi. Mjigo unali kuseri kwa msika. Ndinkafika mochedwa, bulawuzi itanyowa, khosi likuwawa, iwo omwewo n'kundilemba kuti ndajomba. Kujomba kukachuluka, munthu ankabwereza kalasi. Nditadandaula kunyumba, amayi anangoti, "Aphunzitsi sakanidwa, mwanawe." Ndinawamvera, koma mumtima ndinkamufunira zoipa bambo uja, ndipo sindibisa.

Mwezi umenewo ankatiphunzitsa inekwasau, masamu oyeza malire, oti ichi chisapyole apa. Kunena zoona, kuphunzitsa ankakutha, ndipo zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Ankakonda kunena kuti, "Chilichonse chili ndi malire, lembani malirewo."

Tsiku lina akulu a zamaphunziro ochokera ku Tete anabwera kudzaonera phunziro, adirekitoro, mkulu wa sukulu yathu, ali pambali pawo. Aphunzitsi, atavala tayi, anafunsa amene angapereke chitsanzo cha m'moyo weniweni. Ndinakweza dzanja. Ndinatenga choko n'kulemba pabolodi: 25x ≤ 60.

Ndinafotokoza pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Ulendo umodzi wa ku mjigo, kupita n'kubwera ndi chigubu chimodzi, ndi mphindi 25. Kuchokera pamene mtsikana wafika pasukulu mpaka belu kulira ndi ola limodzi. Choncho zigubu sizingapose ziwiri. "Tsono aphunzitsi akamufuna zinayi, n'kumulemba kuti wajomba, walakwitsa samuyi ndani?"

Mlendo uja anayang'ana bolodi, kenako bulawuzi yanga yonyowa, n'kundifunsa kuti mtsikanayo ndani. Ndinaloza pachifuwa panga. Aphunzitsi anayesa kuseka, koma thukuta linali litawaonekera kale pakolala. Mtima wanga unachita kuti myaa! Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinadziuza choncho potuluka.

Pasanathe mwezi aphunzitsiwo anawasamutsa, ndipo kujomba kwanga kunafufutidwa m'kaundula. Tsiku lonyamuka ndinaima dala pamsewu kuti andione akudutsa pa njinga yamoto, matiresi atamanga kumbuyo. Sindinawapepese, ndipo akanabwera lero ndikanalembanso samu yomweyo.

Chimene chinandizunguza n'chakuti anzanga anasiya kundipatsa moni. Ine ndinkayesa nsanje. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno mphunzitsi wa masamu akachoka, wina sabwera msanga. Mayeso a kumapeto kwa chaka tinalemba popanda wotiphunzitsa, ndipo atsikana anzanga ambiri sanabwererenso kusukulu.