Ambuye ku Chigayo

Ndili ku chigayo, ngakhale ndikudziwa kuti mwana wanga Tadala ndamusiya kuchipatala, thupi likuotcha ngati mbaula. Mayi Nasibeko, aja amasesa m'tchalitchi mwathu, akundikoka chitenje.

"Amake Tadala, Ambuye Yesu ali muno. Kaonaneni nawo asanapite."

Ndikuponya chidebe pansi. Anthu onse ayera mbuu ndi ufa, nkhope zawo zikufanana. Ndikuwagwira mmodzimmodzi: "Kodi ndinu? Ndinu kodi?" Palibe akundimva, chigayo chikulira koopsa. Pakona pali bambo ena a malaya ong'ambika, akuwola ufa pansi ndi manja. Akundiyang'ana, milomo yawo ikugwedera, akundiuza kanthu, koma phokoso likumeza mawu onse.

"Zimitsani!" ndikukuwa. "Chonde zimitsani chigayocho, ndimve!"

Magetsi akuthima. Kuli zii. Koma iwo amaliza kale kulankhula.

Ndikugwada mu ufamo. Ndikufuna kupemphera, koma pemphero la Atate Wathu landithawa m'kamwa.

"Ambuye, bwerezani. Mwana wanga achira kodi?"

"Ndigwirireni thumbali, mayi," akutero.

Ndikuligwira kukamwa. Akuthiramo ufa pang'onopang'ono, wina ukudutsa m'mabowo a m'zikhatho zawo n'kumagwera pamapazi anga. Ndi wofunda.

"Ambuye, mwana wanga!"

"Ndamva. Gwirani bwino, ungatayike."

Ndikulira, ndikugwirabe. Thumba silikudzaza, iwonso sakufulumira, ndipo sakuchoka.

Ndadzuka kutulo, manja atakanirira m'mphepete mwa bulangete. Mpaka kunja kwacha, ndikuopa kuwamasula.