Kalata Imene Sindinawalembere Atsibweni

Pulani ya tchalitchi cha kwathu ndinaijambula ndine, ndipo chidindo chimene chili pakona pake n'changa. Zimenezi sindinazikanepo, ngakhale tsiku limene bungwe loyang'anira mainjiniya linandiitana kuti ndikafotokoze chifukwa choti lisandilande chiphaso changa chogwirira ntchito. Ndinali ndi kaofesi kanga ku Lilongwe. Midadada ya sukulu ndi timilatho timene ndinayang'anira m'mapiri a Ntchisi tidakalipo mpaka lero. Imene inandigwetsa ndi ntchito yaulere, ya kwathu komwe.

Kwathu ndi kumapiri, mbali ya Nachisaka. Amene anandiphunzitsa sukulu ndi atsibweni, alongo awo a mayi anga. Bambo ankati sukulu ya mwana wamkazi imathera kukhitchini, koma atsibweni anandikweza panjinga, katundu wanga kutsogolo, mpaka kusukulu ku Mvera. Ndiwo mwini mbumba yathu, ndiwonso mkulu wa mpingo. Mpingo utaganiza zomanga tchalitchi chatsopano, anawasankha kukhala wapampando wa komiti ya zomangamanga.

Sanandipemphe ayi. Anangolengeza Lamlungu lina kuti pulani ajambula ndi mwana wathu injiniya uja, ine ndili chikhalire pabenchi ya amayi. Nthungululu zinalira, ndipo ndisaname, ndinakondwa kwambiri. Munthu wina aliyense ndikanamusainitsa pepala la mgwirizano, n'kudziwitsanso a inshuwalansi anga. Anzanga a ntchito ankandinena kuti ndine mayi wa makalata, ati msomali ukapindika ndimaulembera kalata. Koma apa sindinalembe chilichonse, chifukwa kunali kwathu.

Pulaniyo inalibe vuto. Ndinaikamo zipilala za konkire, ndi bimu, lamba uja wa konkire ndi zitsulo amene amazungulira pamwamba pa makoma onse kuti nyumba isayasamule. Dera lathu ndi la mphepo. Ikamatsika m'phiri mu Januwale imasasula madenga a zigafa za fodya, ndiye khoma lalitali lopanda chogwirira silingalimbe.

Kamangidwe kake kanali ka mpingo, monga timachitira. Mudzi uliwonse unaumba njerwa zake n'kuwotcha uvuni wake. Amayi ankatunga madzi ndi kututa mchenga kumtsinje, achinyamata n'kumakanda matope. Mmisiri anali mkhristu mnzathu wachikulire, amene anamanga theka la nyumba za malata za m'dera lathu. Ine ndinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo maziko ndinawaona ndekha, anali bwino.

Kenako akuluakulu anapita kumsonkhano ku mpingo wa tsidya la mtsinje, n'kupeza kuti tchalitchi cha kumeneko n'chachitali kuposa chimene ife tinkamanga. Anabwerako mitima ili m'mwamba. Anamuuza mmisiri kuti awonjezere mizere ya njerwa, ndipo poti ankafuna kufolera mvula isanayambe, za bimu anati zingochedwetsa. Zitsulo zake anazidula n'kuwotchereramo zotchingira mawindo, kuopa kuti akuba angadzabe zokuzira mawu.

Ndinafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nditangotsika m'galimoto ndinaona khoma la kutsogolo litaima lokha, lalitali, losongoka, lopanda choligwira. Mmisiri anandiuza akuseka kuti iye anayamba kumanga ine ndisanabadwe, ndipo palibe nyumba yake inagwapo. Ndinafuna kumukalipira, koma ndinadziwa kuti iye wangochita zomwe anauzidwa.

Komiti inakumana madzulo omwewo m'tchalitchi chakale. Abambo anakhala pamabenchi. Ine ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza langa la kuntchito, ndinagwada chapatali, n'kuyamba ndi kuthokoza. Ndinawathokoza chifukwa cha njerwa, chifukwa cha khama, chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Kenako ndinanena zoona, kuti khomalo silingapirire mphepo, kuti mizere yowonjezerayo iyenera kuphwasulidwa ndi kuthira bimu. Koma ndinazikulunga. Ndinati mwina, ndinati ngati kungatheke, ndinati inu ndinu akuluakulu mukudziwa bwino. Mawu anga anali apansipansi, maso ali padothi, monga anandilerera.

Atsibweni anayankha kuti amva, akaziganizira, ndiponso kuti Mulungu sangalekerere nyumba yake. Mlembi wa komiti analemba mzere umodzi m'buku lake, woti komiti inathokoza mwana wathu chifukwa cha malangizo ake abwino.

Kalata ndinailemba ndithu, mawa lake lomwe, muofesi. Inkanena kuti ntchito iime, kuti chimene chikumangidwacho si pulani yanga, kuti ndachotsapo dzina langa, ndipo kope lina lipite ku khonsolo. Inali kalata yabwino, yonga zambirimbiri zimene ndinalemberapo makontilakitala ouma mutu. Koma kwathu kalata umalembera munthu wakutali, kapena amene mwadana naye. Kuwalembera atsibweni kalata yokhala ndi chidindo kunali ngati kuwasumira kukhoti. Nditawauza mayi pafoni, anandifunsa kuti iwo azikayang'ana kuti Lamlungu kutchalitchi. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinaiika kalatayo m'dirowa, ndikudziuza kuti anthu akakolola ndidzawanyengerera akuluakuluwo pang'onopang'ono.

Khomalo silinadikire kukolola. Linagwa mu Januwale, Lachisanu masana. Denga linali litafoleredwa kale, ndipo amayi anali m'katimo akuzira pansi pokonzekera mapemphero, poti simenti ya pansi inali isanathiridwe. Mphepo inabwera ndi mvula, khoma la kutsogolo linagwera m'kati. Ambiri anathawa ndi zilonda zazing'ono. Mmodzi sanathawe, ndipo anali mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi kupulayimale. Njerwa zinamugwera pamsana. Msewu unali matope okhaokha, moti anamunyamula pangolo mpaka pamene galimoto ikanatha kufika, kupita naye kuchipatala ku Ntchisi boma. Anatuluka wamoyo, koma kuyambira tsiku limenelo sayendanso.

Alongo ake ndiwo anakadandaula ku bungwe, ndipo sindiwada. Loya amene ndinamupeza anandifunsa zinthu zitatu: mgwirizano uli kuti, a inshuwalansi ndinawauza liti, ndi kalata yoimitsa ntchito ndinatumiza kwa ndani. Nditamuonetsa ya m'dirowa ija, anaiwerenga mpaka kumapeto, anati ndi yolembedwa bwino kwambiri, n'kundibwezera. Anati kalata yosatumiza ndi pepala chabe. Chimene chinatsala ndi mboni, munthu woti akaime n'kunena kuti ndinachenjeza. Mboni yaikulu inali wapampando wa komiti.

Atsibweni anavomera kubwera kudzaima pamaso pa bungwe. Anavala jekete yawo ya pa Mgonero, ndipo ndinakawatenga ndekha pagalimoto. Njira yonse kuchokera ku Dowa ankakamba za mtengo wa feteleza. Ine mumtima ndinkati munthu amene anandikweza panjinga uja sanganditaye lero.

Atafunsidwa ngati injiniya anawachenjeza, sananame. Anavomera kuti ine ndinabweradi, ndinayankhuladi za bimu. Kenako anawonjezera, modekha bwino.

"Koma mwanayu anayankhula mwaulemu, atagwada, ndipo anati mwina. Ife tinamva ngati akungopereka maganizo. Chikanakhala chinthu chopha anthu, wophunzira ngati iyeyu akanatiletsa."

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuimirira n'kuwafunsa kuti anandiphunzitsa kugwada ndani, anandimenya ndani ndili mwana chifukwa choyang'ana akulu m'maso. Koma choipa kwambiri chinali chakuti iwo sanali kudzipulumutsa ndi bodza. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo. Buku la mlembi linawerengedwa, mzere wake umodzi uja, ndipo a bungwe anagwedeza mitu. Wapampando wa bungwelo anandiuza kuti injiniya akaona ngozi saipereka ngati maganizo, amaimitsa ntchito polemba, kaya mwini ntchito ndi nduna kaya ndi mayi ake omubala. Chiphaso changa anachilanda.

Pobwerera ndinawatenganso atsibweni pagalimoto. Nditawatsitsa pakhomo pawo, anandiuza kuti ndisadandaule, munthu wa sukulu sasowa chochita. Ofesi ndinatseka patangopita miyezi yochepa. Anzanga aja amene ankandiseka za makalata anayamba kundipatsa moni wa pamaliro. Masiku ano ndimajambulira mapulani injiniya wina wamng'ono kwa ine, iye n'kumadindapo dzina lake.

Loya anandiuza kuti mwayi wochita apilo ulipo, makamaka ngati a banja la wovulalayo atalemba kuti sakundiona ine wolakwa. Ndinazengereza nthawi yaitali, koma njala ya ntchito yanga inandikankha. Ndinapita kwa mnzanga uja mvula itatha. Ndinamupeza pakhonde, atamukhazika pamphasa motsamira khoma, akutongola chimanga m'lichero. Miyendo yake anaifunda chitenje. Anandilandira bwino, anandifunsa za ana, ndipo anandiseka kuti ndanenepa ngakhale ndili pamavuto.

Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, ngati ndikadali pamaso pa bungwe. Ndinamuuza za mizere yowonjezera, za zitsulo zimene zinapita kumawindo, za msonkhano wa mu Okutobala. Ndinkafuna amve kuti ine sindinali mbuli, kuti ngoziyo ndinaiona, kuti olakwa ndi amene sanandimvere. Iye ankangotongola, osadukiza. Nditamaliza anaika chitsononkho pansi n'kundiyang'ana.

"Ndiye iwe unkadziwa kuti ligwa?"

Ndinati inde, ndinkadziwa, n'chifukwa chake ndinawauza akuluakulu.

"Akuluakulu sazira pansi," anatero. "Tsiku limene unabwera lija unandipeza ndikututa mchenga, tinapatsana moni, tinaseka. Ukanangondinong'oneza kuti mnzanga, kukachita mphepo usamalowemo. Ine sindikanafuna kalata."

Pepala limene loya anakonza kuti banja lake lisaine linali m'chikwama changa, pamwendo panga pomwepo. Ndinakhala naye mpaka chimanga chinatha m'lichero, ndipo sindinalitulutse. Apilo sindinachite.