Matewera a Wamuyaya

Fungo limene limandibwezera kwa aNyaTembo ndi la matewera akuwira m'debe, sopo wochapira atasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini zimene malole a ku Chikangawa ankatsitsa pamsika wa ku Mzimba, uku mphepo ya mu Juni ikuluma zala ndi kukankhira utsiwo m'maso mwa aliyense wodutsa kuseri kwa nyumba. Ndikalimva fungo limenelo ndimawaona atawerama, phini ali pakamwa, akuvundula debe ndi kamtengo, mawu akutuluka m'mbali mwa phiniyo osapuma.

Zinali zaka zoyambirira za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko atangolengezedwa kuti ndi wamuyaya. Mayi anga anali namwino, anawasamutsa kuchokera ku Dedza, ndipo ine ndinali mu Sitandade 4. Tinkakhala m'nyumba ya boma yogawidwa pakati: ife mbali ino, a Shaba aphunzitsi ndi akazi awo aNyaTembo mbali inayo. Khoma linali limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Munthu akayetsemula kwawo, ife tinkamva.

ANyaTembo anali ndi mwana woyamba, wamwamuna, wa miyezi yochepa, ndipo ankamusamala ngati akulemba mayeso. Thewera ankalitsukuluza pampopi, kuliwiritsa, kuliyanika padzuwa, kenako kulisita mbali zonse ndi simbi ya makala kuti mazira a mphutsi afe. Madzi osambitsira ankawayesa ndi chigongono, osati chala. Akamupukuta ankamudzoza mafuta mpaka m'makwinya a m'khosi, n'kugwira paliwombo ndi nsonga za zala kuti amve ngati pakugunda bwino. Akamuyamwitsa ankamuika paphewa ndi kumusisita msana mpaka ageye. Mayi anga, amene tsiku lililonse ankakalipira amayi kusikelo, sanapezepo chowadzudzula.

Chimene chinkawaopsa mayi chinali pakamwa pa aNyaTembo. Mwanayo anali ndi dzina lake, Yotamu, koma amake ankamutcha Wamuyaya.

“Amake Rute, bwerani mudzaone boma,” ankatero poitana mayi anga, mwana akulira m'beseni. “Palibe anamusankha, palibe ntchito imene amagwira, koma akangotsegula pakamwa, mbwenu tonse liwiro.”

“Mayi inu, tsitsani mawu. Khomali ndi la njerwa imodzi.”

“Ine ndikunena mwana wanga. Kodi anesi inu mukuganizira ndani?”

Mayi ankathawira kukhitchini akuseka ndi mantha pamodzi. Ine ndinkatsala pampopi, makutu ali tcheru, chifukwa zimene sizinkanenedwa kusukulu kapena pawailesi zinkanenedwa pabeseni limenelo. Masiku amene anthu ankasonkhetsedwa mazira ndi nkhuku za mphatso ya mtsogoleri, aNyaTembo ankatulutsa bere n'kulengeza ndi mawu a pamsonkhano kuti, “Wamuyaya, landirani mphatso yochokera ku nthambi ya kumanzere. Nthambi ya kumanja ibwera masana.” Amayi akamatengedwa pa lole kukaphunzira magule a chipani, iwo ankagwira timiyendo ta mwanayo n'kumatipalasa m'mwamba. “Lero muvine nokha, bwana. Amayi atopa chomene.” Chitumbuka chinali chitachotsedwa pawailesi zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo nkhani imeneyo sankaiiwala. “Iwe ndikuyankhula Chitumbuka mpaka makutu akhute,” ankamuuza pomubereka kumsana. “Wailesi ya m'nyumba muno ndine.”

Tsiku lina, akupinda matewera, anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, “Rute, uyu amaposa mnzake uja chinthu chimodzi. Adzakula, adzasiya bere.”

Ndinali mwana, koma ndinkadziwa chimene aliyense ankadziwa. Munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha chiganizo chimodzi chonenedwa pamowa, ndipo abale ake sankafunsa kuti wapita kuti kapena abwera liti.

M'nyumbamo munalinso apongozi awo, agogo aNyaHara, mayi a a Shaba, amene anabwera kuchokera kumudzi kufupi ndi Champhira kudzathandiza kulera. Anali aatali, osayankhulayankhula, ndipo Chichewa ankangochimva pang'ono. Amuna awo, a Yotamu, anamwalira aNyaTembo ali ndi pakati. Kumeneko dzina la mwana limachokera kuchimuna, ndipo agogowo ndi amene anapereka dzina la malemuwo kwa mdzukulu wawo. Akamunyamula ankamutcha “afumu wane,” kutanthauza amuna anga, n'kumamufunsa ngati wagona bwino, ngati akumva kuzizira, ngati akukumbukira ng'ombe zake. Akamva mpongozi wawo akuti Wamuyaya, ankangotsonya n'kutembenukira kumbali.

Zinachitika Loweruka m'mawa. A Shaba anali kusukulu ndi ana a kwaya. A tcheyamani a nthambi ya chipani, munthu wa komweko wamfupi wonenepa, ankayenda khomo ndi khomo kuona makadi a chipani, ali ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Anafika pakhonde lathu lakumaso, ndipo mayi anali atangowaonetsa makadi athu. ANyaTembo anali kuseri, sanamve kalikonse chifukwa mpopi unali wotsegula. Mawu awo anadutsa pamwamba pa denga, omveka bwino ngati belu la kusukulu.

“Amake Rute! Ndibwerekeniko sopo! Wamuyaya wadzinyerera mpaka kumsana. Munthu wopanda manyazi, ntchito kudya basi ndi kunyera anthu omwe akumudyetsa!”

Sindinaonepo nkhope ya mayi anga ikusintha chotero. A tcheyamani anabweza makadi mosafulumira, n'kuzungulira nyumba, anyamata aja ali pambuyo. Ife tinawatsatira, mayi atagwira sopo amene sindikudziwa kuti anamutola nthawi yanji.

ANyaTembo anali ataima ndi thewera m'manja. Agogo anali pamphasa, mwana ali wamaliseche pamiyendo pawo, akuponda mphepo.

“Mayi, tabwerezani zimene mwanena,” anatero a tcheyamani.

“Ndimapempha sopo, bwana tcheyamani.”

“Sopo ndamumva. Wadzinyerera ndani?”

Madzi ankasefukira m'ndowa ndipo palibe anaganiza zotseka mpopi. Mmodzi wa anyamata aja anali atagwira kale mkono wa aNyaTembo pamwamba pa chigongono.

“Wamuyaya m'dziko muno alipo mmodzi,” anapitiriza a tcheyamani. “Valani nsapato. Mwana asiyireni agogo ake.”

Mwanayo anayamba kulira, ndipo pamenepo ndinaona chinthu chimene sindinachiiwale. Bulauzi ya aNyaTembo inanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri, mkaka ukutuluka wokha poyankha kulirako. Mwanayo anali asanalawepo ngakhale phala.

“Ndi dzina la mwana,” anatero aNyaTembo. Mawu awo anali aang'ono, osati a pabeseni aja. “Mwana uyu dzina lake ndi Wamuyaya. Tinamutcha polemekeza.”

A tcheyamani anaseka pang'ono. “Mayi, ine ndinabadwira kuno. Dzina sapereka mkazi wobwera. Amene amapereka ali apo.” Anatembenukira kumphasa, n'kuwerama mwaulemu monga achitira munthu kwa wamkulu, n'kufunsa m'Chitumbuka: “Agogo, mwana uyu zina lake ni njani?”

Agogo anayang'ana mwana, kenako bulauzi ya mpongozi wawo, kenako dzanja la mnyamata uja pamkono. Ine ndinkayembekeza kuti atchula Yotamu, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akutchula dzina linalo ngakhale mwangozi.

“Ni Wamuyaya,” anatero. “Nkhathya ndine.” Ankatanthauza kuti amene anapereka dzinalo ndi iwo.

“Ine ndinamva kuti ndi Yotamu,” anatero a tcheyamani.

“AYotamu wali kufwa.”

Izo sizinafunike womasulira. A Yotamu anafa. Anazinena akuwayang'ana a tcheyamani m'maso, dzanja lili pamimba pa mwana.

A tcheyamani anawongoka. Kukana mawu a agogo kukanakhala kunena kuti kutcha mwana dzina la mtsogoleri ndi mlandu, ndipo zimenezo sakanazinena pamaso pa anyamata awo. Anakodola mnyamata uja kuti asiye mkono. Kenako anafunsa ngati mwana anabatizidwa. ANyaTembo anati ayi, ubatizo unali mwezi wotsatira.

“Yewo chomene,” anatero a tcheyamani. “Ndidzakhala benchi la kutsogolo, ndidzamve ndekha abusa akulitchula. Ndipo mayi, mwana wa dzina limeneli sanenedwa mawu a kuchimbudzi. Ndisadzamvenso.”

Atapita, aNyaTembo anakhala pansi pomwepo pamatope, n'kulanda mwana, n'kumuika kubere. Mayi anatseka mpopi. Agogo anali chikhalire, akuyang'ana pamiyendo pawo pamene panali mwana.

“Nawasunga aYotamu,” anatero, osayankhula ndi munthu aliyense. “Nawasunga kachiwiri.”

Mayi anga, amene mtima unali utangobwerera m'malo, anawomba m'manja. “Zoona agogo, mwawasunga! Mwasunga banja lonse lero! Mulungu akudalitseni!”

ANyaTembo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana mayi ngati awamenya mbama. Ananyamuka ndi mwana ali kubere n'kulowa m'nyumba, ndipo agogo anawatsatira. Mayi anandifunsa kuti, “Ndalakwa chiyani?” Ine sindinadziwe.

Patsiku la ubatizo tinapita nawo kutchalitchi chawo. A tcheyamani anakhaladi kutsogolo, atavala jekete. Abusa atafunsa dzina, a Shaba anayankha motsitsa kwambiri moti anawafunsa kachiwiri. Atalitchula mokweza, m'tchalitchi monse munamveka kaphokoso ngati mphepo yodutsa m'chimanga chouma, chifukwa m'nyumba imeneyo mawu akuti wamuyaya anthu ankawamva ponena za Mulungu. Abusa, dzanja lili m'madzi, anayang'ana benchi la kutsogolo. Kenako anabatiza. Agogo sanabwere. Anali atakwera basi ya ku Champhira dzulo lake, ndipo sindinawaonenso.

Matewera anapitirira kuwira m'debe m'mawa uliwonse, kusitidwa mbali zonse, kupindidwa bwinobwino. Madzi ankayesedwabe ndi chigongono. Koma kuseri kwa nyumba kunali zii. ANyaTembo ankamusambitsa mwanayo osatulutsa mawu, ndipo akafuna kumuitana ankangoti “iwe.” Dzina limene ankaseka nalo linali litasanduka lenileni, ndipo lenileni lija panalibenso woyerekeza kulitchula. Ndinkapita pampopi mwadala, kudikira kuti mwina nthambi ya kumanzere ibweretsa mphatso. Siinabwere.

Miyezi ingapo pambuyo pake kunagwa maliro a mlonda wa kuchipatala, ndipo ndinaperekeza mayi kusiwa. Mkulu wina anaimirira n'kulengeza m'Chitumbuka kuti, “Tamusunga machero.” Mayi anadziwa kuti machero ndi mawa, choncho ananong'oneza mnzawo wa komweko: “Mawanso amusunga? Nanga aika liti?”

“Ndiye kuikako kumeneko, anesi,” anayankha mnzawoyo. “Kuno kusunga munthu ndi kumuika m'manda.”

Ndinaona mayi akuwerenga m'mutu mwawo zimene agogo ananena pamphasa paja, kuti ndawaika m'manda a Yotamu, ndawaika kachiwiri, kenako zimene iwo anayankha akuwomba m'manja. Anaphimba nkhope ndi mpango n'kulira kwambiri kuposa achibale a malemuyo, moti amayi ena anafunsana ngati mlondayo anali mbale wawo. Pobwerera anapita molunjika kukhomo kwa aNyaTembo. Sindinamve zimene anakambirana. Ndinangoona akutuluka atabereka mwanayo kumsana, chinthu chimene anali asanachitepo.

Chaka chotsatira a Shaba anawasamutsira kusukulu ina ya kumudzi, ndipo ife tinabwerera kuchigawo chapakati. Sindikudziwa kuti mwana uja akuyenda ndi dzina liti lero. Wamuyaya mnzake uja anadzasiya mpando patapita zaka zambiri, mwanayo ali kale bambo wa ndevu, ndipo ndimakhulupirira kuti aNyaTembo anali moyo kuti aone.

Nditabereka mwana wanga woyamba, dziko linali litasintha, ndipo palibe amene akanandigwira mkono chifukwa cha mawu a pabeseni. Komabe tsiku loyamba kumusambitsa ndekha ndinadzipeza ndatseka mpopi, ndapita kukasuzumira pakhonde lakumaso, ndisanayambe kumuyankhula. Ndimachitabe zimenezo ndi adzukulu anga. Ndipo mpaka lero, munthu akandiuza m'Chichewa chabwinobwino kuti ndimusungire kanthu, ndimaona agogo aNyaHara pamphasa, miyendo ili yopanda mwana, mayi anga akuwawombera m'manja.