Tsiku Loika Achemwali Anga a Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utawuma chifukwa chotsamira khoma pa siwa. Amayi a kumpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo. Kunja chiperoni chinali chitaphimba phiri la Michesi, ndipo nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi pamafuwa. Ndinatenga ndowa n'kupita ku mjigo.

Malemu anali achemwali anga a Esinati, mimba imodzi. Iwo anakwatiwa ndi mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ine ndinatsala m'munda wa nandolo. Chaka ndi chaka iwo ankanenepa, ine mafupa a pakhosi ali poyera. Tikamayenda pa Chiringa anthu ankapereka moni kwa iwo poyamba, n'kumati awa ndiye apeza banja. Ine ankandifunsa ngati ndikudwala.

Pofika m'ma eyiti njinga zinali zitadzaza pansi pa mango. Kunabwera aziphunzitsi a masuti, magalimoto awiri ochokera kuboma, ndi anthu a ku Kaduya amene sindinawaonepo. Ndikupereka madzi osamba m'manja ndinapezeka ndikuwerenga mitu, ndikuyerekeza kuti pa maliro anga padzabwera angati.

Bokosi linachedwa. Loyamba linali litachepa, ndiye kalipentala anachita kukhoma lina. Adzukulu nawo anatumiza mawu kuti akuwonjezera manda m'mbali. Mayi wina pakhitchini ananena kuti umenewo ndiye ulemu, munthu kupita ndi thupi lake lonse. Anzake anavomera.

Chonsecho ine ndinali ndi malemu kuchipatala chaka chatha. Namwino anawakweza pa sikelo, anawayeza msinkhu, n'kuwerengetsa papepala. Anati kulemera kwawo kwapitirira kwambiri msinkhu wawo, mtima ukugwira ntchito ya anthu awiri, ndipo magazi akuthamanga. Anawauza kuti achepetse mafuta, mchere ndi zotsekemera, komanso aziyenda pansi. Pobwerera ndinawakumbutsa mawu amenewo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe ndi namwino wakoyo, nonse ndi nsanje."

Sindinabwerezenso, chifukwa za ine sananame. Loweruka lapitali anagwa akuchapa, pakamwa patapotoka, ndipo sanayankhulenso.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kamvula kakuwaza. Amuna asanu ndi atatu ananyamula bokosi, akusinthana pafupipafupi panjira yoterera. Alamu anga ankalira osabisa nkhope, anthu awiri atawagwira m'mikono. Ndinkawayang'ana iwowo kuposa bokosi. Amuna anga anapita ku Mozambiki zaka zisanu zapitazo ndipo sindikudziwa ngati angamve n'komwe ine nditafa. Kumanda oyankhula onse anatchula thupi labwino la malemu ndi dzanja lawo lopatsa. Za kuthamanga kwa magazi panalibe anatchula. Ndinaponya dothi langa, misozi n'kubwera mochedwa, anthu atayamba kale kubalalika.

Madzulo pakhomo panatsala phulusa, mabenchi obwereka ndi matope a mapazi a anthu. Amayi anga anakhala pamphasa pakhonde. Ndinakakhala pambali pawo, ndikuganiza kuti mwina lero andiuza kuti ndatsala ndine. Anagwira mkono wanga, n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri zokha.

"Wondipatsa ulemu pamudzi pano wapita," anatero. "Iwe uzidyako, anthu asamati ndatsala ndi wodwala."

Ndinati chabwino amayi, n'kudzuka kukasonkhanitsa mbale.