Akumpare anga anatigulitsa mapaipi a msoko

Mjigo wathu wa ku Nkholongue wafanso. Waupha ndi akumpare anga, a Jasinto, munthu amene anaima pambali panga m'tchalitchi tsiku lobatiza mwana wanga Luiza.

Ine ndine Velonika. Amayi a pamudzi anandisankha kuti ndiziyang'anira mjigowo. Chaka chatha mapaipi akale anadyeka ndi dzimbiri, madzi n'kumatuluka ofiira ngati tiyi. A Mateyu, omwe amakonza mijigo kuno kunyanja, anatiuza kuti, "Achitsulo wamba musagulenso. Gulani a inokisi, aja osachita dzimbiri. Ndipo akhale opanda msoko. Paipi yopinda n'kuwotcherera imang'ambika pamsokopo. Yopanda msoko ndi chitsulo chathunthu, ilibe poyambira kung'ambika."

Tinasonkha. Amuna anagulitsa usipa, okalamba anapereka nkhuku. Ena ankati tikagule ku Lichinga. Ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndinati ayi, tivutikirenji pa chapa, minibasi yothithikana ija, pamene akumpare anga ali ndi loja, sitolo ya zitsulo, pa Metangula?

Anandilandira ndi mpando ndi chakumwa chozizira. Akuti, "Akumadre, mwafika kwanu. Awa ndi inokisi weniweni, msoko mulibe. Luiza adzakwatiwa, ana ake adzamwa madzi a mapaipi omwewa." Mapaipiwo ankawala ngati galasi, kumapeto kwake atatsekako ndi zivindikiro zapulasitiki. Ndinati nditsegule chimodzi ndisuzumire. Akuti, "Mulowa fumbi. Kodi ine simundikhulupirira?" Ndinachita manyazi. Ndinalipira.

A Mateyu anali atapita kumaliro ku Likoma, ndiye akumpare anatumiza amisiri awo kudzaika mapaipiwo. Ulere! Ife n'kuwaphikira mpunga ndi chambo, n'kuwaperekeza ndi nthungululu.

Mvula isanathe n'komwe, madzi anayamba kununkha chitsulo. Nsalu zoyera za paguwa, zomwe timachapa ife amayi a mpingo, zinachita mawanga ofiira. Kenako tinkapopa mpaka mapewa kuwawa, madzi osabwera.

A Mateyu anazula mapaipi mudzi wonse ukuona. Kuwala kuja kunali kutasendeka ngati khungu la chinangwa. Pansi pake chitsulo chakuda, dzimbiri lokhalokha. Anandiuza kuti ndilowetse chala m'kati. Msoko! Wautali, wong'ambika ngati thumba lakale.

Palibe ananditukwana. Bola akananditukwana. Amayi anangonyamula ndowa zawo n'kutsetserekera kunyanja. A Anyesi, anansi anga omwe timapemphana mchere, anatembenuka n'kundifunsa chapansipansi, "Inuyo anakugawirani zingati?" Sabata yomweyo khanda lawo linayamba kutsegula m'mimba ndi madzi a kugombe, analigoneka kuchipatala.

Lolemba ndinasenza chidutswa cha paipi mpaka ku loja. Mayi wogulitsa akuti patarau, bwana wakeyo, ali pamsonkhano. Msonkhano wanji wa munthu amene ndikumumva akuseka kuseri kwa katani? Ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mpando uja sunabwere.

Akumpare atatuluka, anandilankhula Chipwitikizi. Ine! Akuti "sinyora". Munthu amene anakula akudya kondowole mbale imodzi ndi malemu amuna anga, lero waiwala Chinyanja?

Ndinaika paipi pa kauntala. Akuti vuto ndi madzi a kwathu, ndi oipa. Ndinati inokisi woopa madzi ndi wamtundu wanji? Akuti garantiya, lonjezo lija losintha katundu akaonongeka, inatha tsiku lomwe mapaipi analowa pansi. Nanga mapaipi a mjigo timayenera kuwapachika padenga? Ndinawaonetsa msoko. Akuti umenewo si msoko, ndi kapangidwe kake. Ndinati lowetsani chala chanu. Anakana, akuti angachekeke.

Anthu atayamba kuunjikana, Chinyanja chinabwerera. Anandikokera pambali n'kunong'ona, "Akumadre, musandichititse manyazi pa makasitomala. Tengani sopo uyu mukapatse Luiza."

Sopo. Mudzi wonse ukumwa madzi omwe timatsukiramo mapoto, khanda lili pa diripi, dzina langa lili m'matope, iwo akundipatsa sopo. Sopoyo ndinamusiya pomwepo. Misozi ndinakaigwetsera panja, sindinafune kuti aione.

Inu a ku Lunho ndi midzi ina amene mukusonkhera mijigo, tamverani. Kuwala kwa paipi kusakunamizeni. Chotsani chivindikiro, suzumirani, lowetsani chala. Mukamva kamzere, isiyeni. Tengani mmisiri wanu, osati wa mwini loja. Akakufunsani ngati simukuwakhulupirira, yankhani kuti eya, n'kutsegula ndithu.

Ndipo inu a Jasinto, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Munadziwa kapena simunadziwe? Ngati nanunso anakunamizani, bwanji simunandiuze choncho? Ngati munadziwa, munaona chiyani pankhope panga kuti mundisankhe ine?

Tikufuna mapaipi amene tinalipira, ndipo adzaike ndi a Mateyu. Koma musatumize munthu. Mubwere nokha, muime pa mjigo wakufawo, muuze amayi kuti ine sindinadyepo kalikonse. Khanda la a Anyesi latuluka m'chipatala, koma mayi ake akandiona panjira amayang'ana kumbali. Ine ndalongosola mpaka ndatopa. Bwerani mudzawauze ndinu.